Denga Lakale pa Nkhokwe Yatsopano

Padangokhala! Vomerani kuti tili limodzi, wosinza atsinidwe khutu ndi mnzake.

Kalekale, nyama zikadali ndi maudindo, omanga onse a m'dzikomo anali a Chiswe. Ukafuna nyumba, a Chiswe. Ukafuna nkhokwe, a Chiswe. Koma a Chiswe alibe maso, alibe makutu. Ungakuwe mpaka kukhosi kuchita gwa, iwo phee, kumangotafuna zawo. Chimene amamva ndi kugogoda basi, kukamawanjenjemeretsa miyendo. Ndiye ntchito inkayenda chonchi: kapitao ankaimba nyimbo yomangira, Gogomole ankaimvera n'kumaisandutsa magogodo pa chipika cha mphako chimene chinagona pachulu, a Chiswe n'kumaumba ndi dothi chilichonse chimene chipikacho chanena.

Kapitao anali Gologolo. Abale, mchira wa Gologolo! Ankaupesa m'mawa, kuupesa masana, kuufunsa ngati wagona bwino. Mkazi wake ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi mchirawo.

Wogogoda anali Gogomole wokalamba, a Mlomowatha. Mlomo wawo unali utabuntha ngati munsi. Akamagwira ntchito zinkamveka chonchi: go... go... kenako zii, akupumitsa khosi, "Mayo ine, khosi langa," n'kuyambanso go... go... Nkhokwe imodzi ankaiyamba chimanga chikumera, n'kudzaitsiriza ana a mbewa obadwa tsiku loyambalo ali ndi zidzukulu.

Gologolo anatopa nazo. Anapita kwa Mfumukazi Njiri, nawomba m'manja.

"Amayi, nkhalamba ija ipume. Kuli mphwake, Kansonga, mlomo ngati singano. Akagogoda mumati matalala akugwa."

Pofuna kuti nkhani ikome, Gologolo anapinda khosi, natsimphina, nayamba kuwatsanzira a Mlomowatha pabwalo. Nyama zinaseka mpaka kugubuduzika. A Mlomowatha anangouluka pang'onopang'ono kukakhala panthambi yakutali, ndipo Kansonga anatenga chipika.

Sipanapite nthawi, Mfumukazi msana unawayabwa. Anapita kukadzikanda pa nkhokwe yawo yakale. Kanda, kanda, kanda, nkhokwe yonse phwa! Nzama za chaka chonse mbwee pabwalo. Chotsala chathunthu linali denga lokha, lili khale pansi ngati nkhuku yofungatira.

Tsono dengalo silinali denga wamba. Kwa a Njiri, denga la nkhokwe limachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Udzu amasintha, koma mitengo yake ndi mkombero wake palibe amakhudza. Ili linali la amayi awo a Mfumukazi, ndipo iwonso analilandira kwa amayi awo.

"Gologolo mwanawe," anatero Mfumukazi, "undimangire nkhokwe ina, tivundikirepo denga la amayi mvula isanagwe."

Pomwepo nduna yaikulu, Nyani, inatsokomola. Nyani anali ndi kampeni kake, ndipo ankadana ndi mchira uliwonse woposa wake.

"Amayi, ndingokumbutsa mwambo. Kapitao akalola dzinthu za mfumu kunyowa ndi mvula, mchira wake umadulidwa n'kukhala litchowa la mfumu loingitsira ntchentche."

"Ine sindikufuna zimenezo, mwanawe," anatero Mfumukazi mwachisoni. Kenako anauyang'ana mchira uja, nausa moyo. "Komatu ntchentche nazo zandikwana."

Gologolo anaseka mokweza kuti mantha asaoneke. "Ndi Kansonga? Nkhokwe itha ndisanameze malovu!"

Nyama zinasonkhana ndi mitsuko ya madzi. Gologolo anakwera pamwala, nayamba nyimbo ya nkhokwe imene anasiyirana makolo ake. Ndime iliyonse ikatha, gulu lonse linkavomera ndi kolasi yake, yotamanda malovu a Chiswe ndi kuwapempha kuti aumbe osadya mizati. Achule ankaitenga m'mwamba, Mfumukazi ankaigwira pansi ndi kumphuno, ndipo mapazi onse ankagunda pamodzi pa mawu omaliza.

Ndime yoyamba isanathe, Kansonga anakweza phiko.

"Bambo kapitao, taimani. Nyimboyi yachoka pa mizati n'kulumphira pa makoma. Nanga pansi pa nkhokwe?"

"Iwe mwana, nyimboyi anaimba agogo a agogo anga, iwe usanakhale n'komwe dzira. Gogoda!"

"Ndachenjezatu."

"Ndamva. Gogoda!"

Trrrrrr! A Chiswe anatuluka ngati madzi osefukira. Gologolo asanameze malovu, nkhokwe inali chilili, yosalala ngati dzira. Nyama zinanyamula madengu a nzama n'kukhuthulira pamwamba. Khuthu! Nzama zija zinangodutsa n'kutulukira pansi, yoyoyo, mpaka kumapazi a Mfumukazi. Mbewa zinaimba nthungululu.

"Kapitao," anatero Mfumukazi, "ichi n'chiyani?"

"Zamakono izi, Amayi! Nkhokwe yodzitapa yokha. Simuvutikanso kukwera."

"Ndikufuna yosunga, osati yotaya."

Nyani anatulutsa kampeni nayamba kukanola pamwala. Swee, swee.

Gologolo anamukokera Kansonga pambali. "Wandichita chiyani iwe? Amalume ako ndi nyimbo yomweyi ankamanga nkhokwe zokhala ndi pansi!"

"Amalume ankaikamo pansi mwa nzeru zawo, osauzidwa. Ine ndimagogoda zimene zaimbidwa. Zosaimbidwa sindilota."

Gologolo anakanda kumutu, napeka ndime ya pansi pomwepo. A Chiswe anagumula nkhokwe ija, ntchito n'kuyambiranso. Kolasi inamvekanso, koma ulendo uno Nyani ankaipotoza kumapeto, n'kumaimba za ntchentche zimene zatsala pang'ono kulandira mlendo waubweya.

Atafika pakati, phiko la Kansonga m'mwamba.

"Bambo kapitao, ndime iyi ikuti khomo litalike ngati mwini nkhokwe Njovu ataimika chitamba."

"Aaa, imeneyo timangoimba. Ndi ya nthawi imene Njovu anali mfumu. Amalume ako ankaidumpha."

"Ndiye ichotseni."

"Ndiichotse? Ndi pamene achule amakometsera! Ukufuna gule afe? Gogoda!"

"Ndachenjezatu."

Trrrrrr! Nkhokwe inaima, pansi pake pali bwinobwino. Koma khomo, abale! Khomo linaposa nkhokwe. Chimene chinatsala ngati khoma chinali kachidutswa kumbuyo, koti buluzi sangabisalepo. Nyani analowamo ndi mkazi wake, apongozi ake ndi alamu ake onse atagwirana mapewa, ndipo palibe anakhudza m'mbali.

"Kapitao?" anatero Mfumukazi.

"Mphepo, Amayi! Nzama zimafuna mphepo kuti zisafumbwe."

"Nanga mvula ikabwera ndi mphepoyo?"

Kumwamba kunagunda, guuu, ngati kukuvomereza. Nyani ananyambita chala nayesa kuthwa kwa kampeni pa ubweya wa pamkono pake. Gologolo anamva mchira wake ukuzizira kuyambira kunsonga.

Apa nthabwala zinamuthera. Anakhala pansi ndi Kansonga, nayamba kuipeta nyimbo ija ngati mpunga.

"Apa pakusowa chiyani?"

"Simunanene kuti makoma anenepe bwanji."

"Ndanena tsopano. Apa?"

"Apa mukutchula mtengo umene unatha kalekale m'dziko muno."

"Chotsa. Apa?"

"Apa mukutukwana apongozi a munthu wina."

"Imeneyo anaikamo agogo. Chotsa, koma pang'onopang'ono, ndimaikonda."

Anaimbanso. Kolasi inatuluka yofooka, chifukwa aliyense diso linali kumitambo. Kansonga sanakweze phiko ngakhale kamodzi. Trrrrrr! Ndipo panaima nkhokwe yoti ngakhale Nyani anasowa chonena: pansi polimba, kakhomo koyenera, makoma owongoka ngati bango.

"Ndilowemo ndione ngati mulibe ming'alu," anatero Nyani, akufunafuna chifukwa. Analowa.

Gologolo anavina. "Njati! Mbidzi! Nyamulani denga la amayi!"

Ananyamula, nakweza, naliika pamwamba, nalisiya. Denga lija silinakhudze n'komwe milomo ya nkhokwe. Linangolowa m'kati, fuuu, phi! ngati chivundikiro cha kamphika pa mtsuko waukulu.

Kenako m'kati munamveka mawu otsamwa ndi udzu: "Kapitaooo! Mchirawo uusambitse, ndikutuluka!"

Analiwedza dengalo ndi zingwe, Nyani n'kutuluka udzu uli m'makutu. Gologolo anagwada pamaso pa Mfumukazi.

"Amayi, dengali tingoliwonjezera mkombero pang'ono chabe. Kachikhatho kamodzi."

"Denga la amayi anga? Bola unene kuti tiwonjezere mano m'kamwa mwanga. Ayi."

Gologolo anathamangira kwa Kansonga. "Nyimbo ndi yomweyo, dothi ndi lomwelo. Bwanji pakamwa pa nkhokwe pakula?"

"Nyimbo ikuti makoma akwere mowongoka. Ndawongola. Ngati mukufuna pakamwa pachepe, imbani kuti pachepe motani."

Motani? Gologolo sankadziwa. Pakachepa pang'ono, denga ligweranso m'kati. Pakachepa kwambiri, lipendekeka n'kutsetsereka. Nthawi yoyesayesa inali itatha, chifukwa kamphepo kanali katayamba kununkha dothi lonyowa.

Anakumbatira mchira wake nathamangira kunthambi ya a Mlomowatha. Anawapeza akugogoda khungwa lofumbwa, kufuna mphutsi.

"Agogo, ndagwira mwendo wanu."

"Usiye, ndi womwewo wotsimphina uja unkaseka."

"Tabwerani mudzagogode ndime imodzi yokha, ya pakamwa pa nkhokwe."

"Muli ndi singano kumeneko. Munsi mukuufuniranji?"

A Mlomowatha anamufulatira napitiriza kugogoda. Go... go... zii. "Mayo ine, khosi langa." Go... go...

Gologolo anatsala pang'ono kulira, koma diso lake linagwera pa kamzere ka a Chiswe amene ankamata dothi pakhungwa lomwelo. Nkhalamba ikamagogoda, ankayenda mowongoka. Ikangopuma, onse ankasendera pamodzi, kuunjikana kuti amvetsere bwino, ndipo kanjira kawo kadothi kankapindikira m'kati. Ikayambanso, ankapitiriza kuchokera pamene asenderapo.

Gologolo anatsegula pakamwa, kukamwa yasa. Kuchepa kwa pakamwa pa nkhokwe zonse zakale sikunali m'nyimbo ayi. Kunali m'khosi mwa a Mlomowatha! Akafika kumapeto kwa ntchito amakhala atatopa, kupuma kumachuluka, makoma n'kumafinyikira m'kati. Ndipo denga la a Njiri linalukidwa kuti likwane pa nkhokwe za makosi otopa.

Anabwerera liwiro la mtondo wadooka.

"Kansonga, m'bale wanga, mfumu ya milomo! Tagogoda ndime ya pakamwa ngati mmene ankachitira amalume ako, mopumira."

Kansonga anaimika nthenga. "Ine? Kupuma pakati pa ndime? Amenewo ndi matenda, bambo kapitao, si luso. Mlomo wanga sungachite zimenezo."

"Ndi mchira wangatu uwu!"

"Pepani. Ndi mbiri yanganso iyi."

Nyani anali atafika kale, kampeni kali waliwali. Dontho limodzi linagwa pamphuno pa Mfumukazi, tho!

Gologolo anaweramitsa mutu ngati wagonja. "Amayi, ndalephera. Koma mchira usanapite, ndiloleni ndikusekeseniko komaliza ndili wathunthu. Nditsanzirenso nkhalamba ija."

"Tsanzira, mwanawe," anatero Mfumukazi, akupukuta misozi ndi chiboda.

Gologolo anatola kamwala ndi chipanda chosweka, nakhala patali ndi chulu kuti a Chiswe asamve. Anapinda khosi nayamba kugogoda, koma molakwitsa dala: gogogo, go, kulumpha, gogo, kuyetsemula.

"Ndi mmene ankachitira a Mlomowatha pa ndime ya pakamwa!" anakuwa.

Kansonga anagwedeza mutu. "Sankatero."

"Ankatero! Ndagwira nawo ntchito zaka zambirimbiri." Gogogo, go, kuyetsemula.

"Sankayetsemula! Ndipo mukuthamanga. Amalume sanathamangepo chibadwire."

"Iwe ungadziwe chiyani? Unali mwana."

"Ndinaphunzira kugogoda nditakhala pamsana pawo!"

"Kuphunzira n'kwina, kutsanzira n'kwina. Wothamanga satha kutsimphina mokoma. Zisiyire ife akatswiri." Ndipo Gologolo anagogodanso, moipa kuposa poyamba, mpaka achule anatseka makutu.

Kansonga zinamukwana. Cholakwika ankadana nacho kuposa njala. Analumphira pa chipika chake, pakuti Gogomole waulemu wake sagogoda pa chipanda.

"Imbani ndimeyo, muone amalume enieni!"

Gologolo anaiyamba motsitsa. Kansonga anagwetsa phiko limodzi, napinda khosi, natsinzina diso. Go... go... zii. "Mayo ine, khosi langa," anatero ndi mawu onjenjemera. Bwalo lonse linaphulika. Mbidzi anagwa chagada. Mfumukazi anaseka mpaka minyanga kugundana. Kolasi inabwerera yokha, yamphamvu kuposa kale, aliyense akuikoka pang'onopang'ono motsata kutsimphina kwa chipika.

Gologolo yekha sankaseka. Pakamwa pankaimba, diso lili pamwamba pa nkhokwe. A Chiswe anali atakwera. Chipika chikati zii, ankasendera m'kati. Chikayamba, ankaumba. Pakamwa pa nkhokwe panayamba kufinyika ngati pa mtsuko.

Mwadzidzidzi mawu okalamba anamveka panthambi ya pamwamba pawo. A Mlomowatha anali atamutsatira Gologolo mwakachetechete kuti adzaonere mchira ukudulidwa.

"Iwe Kansonga! Ngati ukunditsanzira, unditsanzire bwino. Pomaliza penipenipo ndinkapuma kawiri, n'kutsokomola."

"Zoona, amalume, ndinaiwala!"

Go... zii... zii... kho, kho! Go.

Ndime inatha. Gologolo anataya ulemu wonse, nakuwa ngati wapsa: "Njati! Mbidzi! Denga! Msanga!"

Ananyamula, nakweza, nalisiya. Denga lija linatsika pang'ono, n'kukhala pamilomo ya nkhokwe, khwa! ngati linabadwira pomwepo. Njati analigwedeza ndi nyanga, koma silinasunthe.

"Nzama!" anakuwa Mfumukazi. "Aliyense ndi dengu!"

Kunali piringupiringu. Achule ananyamula imodziimodzi, Mbidzi madengu awiriawiri, mbewa nazo zinathandiza ngakhale zina zinkalowa m'masaya. Dengu lomaliza litangolowa pakakhomo, kumwamba kunang'ambika, waaaa!

Nyani anathamangira pakhomo, napisa dzanja, natulutsa nzama imodzi. Anainunkhiza, anaitembenuza, anailuma. Inalira kuti khwe, youma ngati mwala. Anapisanso kwina. Khwe. Anayang'ana kampeni kake kwa nthawi yaitali, kenako anakabweza m'chimake, napita kukausa pansi pa mtengo osatsanzika.

Kansonga anatera pafupi ndi Gologolo, nthenga zili nyowe.

"Bambo kapitao, mwandipusitsa."

"Ndakupusitsa? Ndakuwonjezera mlomo! Dzulo unali ndi umodzi, lero uli ndi iwiri, wako ndi wa amalume. Ndani winanso ali nayo?"

Kansonga anaganiza, nayamba kudzikonza nthenga monyada. "Komabe nyimbo zanu zonse n'zobooka. Ya nyumba, ya khola, ya chikuta. Mawa tiyambe kuzipeta. Ndipo musanayambe kuimba muzinena: denga ndi latsopano kapena ndi la makolo."

"Ndizinena, mwana wa mfumu. Ndizinena ngakhale usanafunse."

A Mlomowatha anatsokomola panthambi. "Ndipo pa za makolozo muzindiitana. Mwanayu kutsokomola sakukutha."

Mfumukazi analowa pansi pa nkhokwe yawo, akumwetulira, namadzikupiza ntchentche ndi kamchira kawo konga chingwe. Anamuitana Gologolo kuti adzause nawo, koma iye anangokhala pamatope, mvula ikumukhuthukira, nakoka mchira wake, nauyala pamsana mpaka pamutu. Anaugwira kunsonga, anaugwira pakati, anaugwira patsinde. Unalipo wonse.

"Iwe," anaunong'oneza, "kuyambira lero usamayendenso kumbuyo kwanga kumene sindikukuona."

N'chifukwa chake mpaka lero Gologolo akakhala pansi amaunyamula mchira pamsana, nsonga ili pafupi ndi khutu, ndipo kukangogunda kumwamba amaugwedeza msangamsanga kuti amve ngati ukadalipo.

Yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa athamange, yayamba kununkha kupserera.